Dikira, Sindinagogode

Lolemba, 2 Juni

Chifunga chakuta phiri lonse kuyambira m'mawa, ngakhale mapaini osaoneka. Zala zachita kuuma, cholembera chikungopulumuka.

Amalume a Kizito abwera pa njinga kuchokera ku Bembeke ndi uthenga. Amuna anga a Bonifasio apempha kuti ankhoswe akhalenso pansi. Loweruka likubwerali ayi, linalo, pa 14, kwa amayi. Akuti chaka chakwana ndili kuno pa boma kwa achimwene a Gibson, mtima uyenera kuti wazizira, ndibwerere kunyumba kwanga.

Ndati chabwino amalume. Chabwino! Pakamwa pangapa pamayankha pokha mwiniwake asanafunsidwe. Ndawapatsa tiyi, amwa, athokoza, apita.

M'kope muno ndizingolemba kuti B. Dzina lonselo limandilemera.

Lachiwiri, 3 Juni

Tsiku lonse mutu uli pa zokambirana za chaka chatha, nditangothawa kumene. Tinakhala pa mphasa kwa amayi. Amalume kufunsa, ine kuyankha.

"Amakumenya?" Ayi. "Amamwa?" Ayi. "Ali ndi chibwenzi?" Ayi. "Sakuveka?" Amandiveka. "Nanga wathawa chiyani, Martina?"

Ine duu, maso pa mphasa. Ndinkachita kuwamva mawuwo ali pakhosi apa, koma osakwera.

A B. anatulutsa hanki yoyera n'kupukuta misozi. Mphunzitsi wa kwaya zaka khumi ndi zisanu, munthu woti amayi a mu mphakati wa mpingo wathu amati akatsegula pakamwa angelo amatsika kudzamvetsera. Alamu anga a Monika, achemwali awo aakulu, amene ndi nkhoswe ya kuchimuna, anati chifukwa chothawira banja chizikhala choti anthu titha kuchigwira ndi manja. Sanalakwe. Ine changa chinalibe pogwira.

Amalume, pondimvera chisoni, anati ndikapume kaye kwa achimwene. Kupumako ndi kumene kwathaku. Ndikakhalanso duu pa 14, ndikwera njinga ya a B. madzulo omwewo.

Lachitatu, 4 Juni

Ntchito ya lero inali gawo lachisanu ndi chiwiri la Bwana Zingwe.

Achimwene amamasulira mafilimu m'Chichewa m'kachipinda ka kuseri kwa shopu. Anakamata mathileyi a mazira m'makoma monse n'kukatcha situdiyo, ndipo ukanena kuti kachipinda amakwiya. Mawu onse ndi iwo okha: bwana ndi iwo, mtsikana ndi iwo, galu akauwa ndi iwo omwe. Koma Chingerezi chawo chimathera pa moni. Ndiye ine wa Fomu 4 ndimakhala pa laputopu kuwerenga mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi mwa filimuyo, n'kumalemba Chichewa chake m'kope. Iwo akajambula, timabenera anthu m'mamemole, mawa lake filimu ili m'mavidiyo sho ndi m'mafoni mpaka ku Linthipe.

Katuni imeneyi si ya ana. Muli magazi, muli mdima, dzuwa silituluka. Bwana Zingwe (mayina anawapatsa ndi achimwene) ndi bambo wovala magolovesi oyera, amene amasunga anthu m'nyumba yosanja yopanda mawindo, atawamanga zingwe m'manja kuti azimuvinira. Mtsikana wina, Nasiwelo, anadula zake n'kuthawa. Koma ngakhale ali kutali mumzinda, belu likalira manja ake amakwera okha m'mwamba.

Gawo la lero Nasiwelo akukumbukira za kale. Bwanayo ali pa tebulo akudya, akuseweretsa supuni m'manja, mtsikana waima pakhomo. M'munsimo alemba zambirimbiri, zoti ine ndine mfumu ya mdima, ndidzaswa mafupa ako, dziko lidzanjenjemera. Ndinachita kuseka. Amene analemba izi sanakhalepo naye munthu wotere. Munthu wotere sakweza mawu.

Ndinasiya kuwerenga m'munsimo. Dzanja linangoyamba kulemba lokha.

"Dikira, sindinagogode."

"Ukunjenjemera chiyani? Ndakukhudza ine?"

"Kunjako angakukhulupirire ndani? Ukawauza kuti chiyani, kuti ndinaiwala kugogoda?"

"Pa dziko lonse lino wokupirira ndine ndekha."

Masamba atatu. Podzidzimuka tiyi atazizira kalekale.

Popeza ndayamba, ndilembe zonse, kope ilibe pakamwa. Zaka zisanu ndi chimodzi za ukwati. Ndikaphika ndinkapereka pa tebulo, n'kukaima pakhomo la kukhitchini manja kumbuyo. A B. ankadya mosafulumira. Akatha, akagogoda mbale ndi supuni kawiri, ngo ngo, ndiye kuti ndikadye. Akapanda kugogoda, palibe. Zotsala ndinkakathira kwa nkhumba iwo ali pakhonde kuonerera. Nthawi yaitali kuposa zonse inali masiku atatu, mlandu wake woti ndinaseka ndi mlembi wa kwaya panja pa tchalitchi. Poyamba ndinkaba chakudya, ndiye anayamba kundinunkhiza m'kamwa. Kenako sanafunikenso kulondera. Anapita ku chikondwerero cha makwaya masiku awiri, nyumba yonse ndili ndekha, mbatata ya kachewere ili tho m'dengu, ine osadya. Sanagogode pochoka.

Ndi chimenechi chimandichititsa manyazi kuposa zonse. Kuti panalibe wondigwira.

Mpaka lero kuno kwa achimwene mbale ikabwera ndimadikira. Iwo amayesa ulemu. Amati, "Idyatu iwe, ukudikira belu?" Apo ndiye ndimadya.

Lachinayi, 5 Juni

Tajambula. Achimwene atawerenga masamba aja anachita kuimirira.

"Achemwali, izi ndiye zoopsa! Mwazitenga kuti?"

Ndinati m'munsimo.

Anayamba ndi mawu awo aja a zigawenga, okhuthala ngati galimoto ya matabwa ikukwera phiri. Ndinati ayi, tsitsani. Anatsitsa. Ndinati tsitsaninso, muzinena ngati mukuwerenga mawu a Mulungu kutsogolo kwa anthu, komanso muzimwetulira pang'ono. Ndinawapatsa supuni ndi mbale yachitsulo, ndinati pamapeto penipeni mugogode kawiri, koma mudikire kaye mpaka omvera atope.

Achimwene ali ndi luso, Mulungu awakhululukire. Atanena kuti "Ndakukhudza ine?" kachipinda konse kanasanduka khitchini ya ku Bembeke. Ndinatuluka, ndinakasanza kuseri kwa shopu pafupi ndi mgolo wa madzi.

Pobwerako ndinati dzina langa lisamveke paliponse pa gawo limeneli. Anati osadandaula. Anali atavala mahedifoni.

Lachisanu, 6 Juni

Gawo latuluka. Mzere wa mamemole mpaka panja.

Loweruka, 7 Juni

Ndinapita ku msika kukagula kabichi. Pa siteji ya kabaza mnyamata wina anafuna kulanda pasenja wa mnzake, mnzakeyo n'kukweza chala: "Dikira, sindinagogode!" Siteji yonse kugwa nako kuseka. Ndisanafike pa mabenchi a tomato ndamvanso kawiri. Wa tchipisi naye akumenya chiwaya ndi chipande asanapereke mbale, ngo ngo, makasitomala kuombera m'manja.

Miyendo inaima yokha. Ndinazindikira kuti ndaika manja kumbuyo, dengu likulendewera kumsana, pakati pa msika, anthu akundilambalala. Mayi wina anati, "Mwataya chiyani asisi?"

Ndinathawa nyumba imodzi. Tsopano boma lonse likulankhula mawu a B., ndipo wawapatsa ndine ndemwe. Uchitsiru wanga ndi wa mtundu wake, ukanakhala ndi satifiketi.

Kabichi sindinagule.

Lamulungu, 8 Juni

Pentekoste. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Wotsogolera kwaya ya kuno ndi mayi, komabe akakweza dzanja ndimawerama.

Achimwene anapita ku mpira osadya. Ndinaphika kachewere ndi mazira, ndinaika pa tebulo, ndinakhala n'kumamuyang'ana. Wondiuza kuti idya panalibe. Ndinayesa kudziuza ndekha, mokweza, mawu anatuluka ngati a mwana. Sizinagwire. Anandipeza cha m'ma faifi mbale ili chizizirire, ndinanama kuti m'mimba.

Lolemba, 9 Juni

Ndikanakhala ndi mphamvu achimwene ndikanawaponya mu mgolo uja.

Kunabwera Jesinta, mnzanga wa ku Bembeke amene amaimba m'kwaya ya a B. Anadzabenetsa nyimbo. Asanakhale n'komwe pansi: "Iwe, watchukatu! Dzina lako lili m'foni iliyonse kwathu."

Ndinati dzina lanji?

Ananditsegulira pa foni yake. Ine gawolo sindinalimvetsere litatha, sindikanatha. Pamalo paja ndinati adikire mpaka omvera atope, Nasiwelo ataima pakhomo, Bwana Zingwe supuni ili m'mwamba, achimwene alowetsapo moni monga amachitira omasulira onse. Moni kwa anyamata a kabaza pa depoti. Moni kwa ocheka matabwa kuphiri. Kenako, mawu ali pamwamba: "Ndipo mawu okoma mukumvawa walemba ndi mchemwali wanga Martina, mwana wa ku Bembeke, mutu wake ndi kompyuta!" Kenako ngo ngo.

Jesinta akuti a kwaya amaonera akamaliza kuphunzira nyimbo, ndipo a B. akakweza dzanja kuti ayambitse, a besi kumbuyo amanong'onezana kuti dikira, sindinagogode. "Koma iwo saseka," akutero Jesinta. "Si ukuwadziwa amuna ako, munthu wa Mulungu."

Atachoka ndinalowa mu situdiyo osagogoda n'komwe. Ndinakalipa mpaka mathileyi a mazira kugwedera. Achimwene anavula mahedifoni.

"Pachete sitisiyapo, Martina. Pakakhala zii anthu amayesa memole yafa, amabweza. Ndiye ndimati ndikunyadireko. Ndalakwa kunyadira mlongo wanga?"

Anafunsa kuti vuto ndi chiyani kwenikweni. Katatu konse. Ngakhale kwa munthu amene tinayamwa bere limodzi, sizikutuluka.

Mamemole atuluka kale sabwerera.

Lachiwiri, 10 Juni

Abwera.

Cha m'ma leveni, ndili pa kauntala ndikumwa tiyi. Ndinayamba kumva belu la njinga, ndinalidziwa lisanamalize kulira. Jekete ya bulauni ija, mpango m'khosi chifukwa cha mawu. Anatsitsa thumba la kachewere pa kaliyala, akuti la alamu awo. Anapereka moni kwa achimwene ndi manja awiri, kufunsa za bizinesi, kufunsa za chifuwa chawo cha chaka chatha. Achimwene kusangalala, kunyamula thumba kupita nalo kuseri.

Tinatsala awiri.

Sanakwiye. Anamwetulira. "Ndaonera ntchito yako. Uli ndi mutu, ndinkakuuza kale."

Anatenga supuni ya m'kapu yanga, anaipukuta ndi hanki mbali zonse. Ine ndinali nditaimirira kale, manja kumbuyo, sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji. Anaikweza pamwamba pa sosala.

Ngo.

Kamodzi kokha. Anaiika pansi bwinobwino, pambali pa kapu. "Kwinako tikamalizira kunyumba Loweruka."

Anatsanzika achimwene mokweza, anakwera njinga. Achimwene akuti, "Komatu mlamu wangayu ndi munthu, Martina. Sindikudziwa kuti munayambana chiyani."

Lachitatu, 11 Juni

Sindinadye. Achimwene anena kuti idya kanayi, sizikugwiranso. Khutu likudikira kachiwiri kaja.

Lachinayi, 12 Juni

Tiyi yekha ndi amene akudutsa. Tiyi sankamuletsa.

Ndamasulira gawo lachisanu ndi chitatu, mutu ukuzungulira. Nasiwelo ali mumzinda, m'nyumba ya mayi wina wosoka nsapato amene anamutola. Mayiyo akumufunsa kuti kodi bambo uja anakuchita chiyani. Nasiwelo akutsegula pakamwa, ojambulawo akuonetsa m'kati mwa khosi muli tizingwe tambirimbiri tatakulungana. Osatuluka ngakhale liwu limodzi. Ndinakalipira laputopu: "Lankhula, chitsiru iwe! Chitseko chili chotsegula!" Kasitomala amene amadikira nyimbo zake anatuluka mwakachetechete.

Ndimadana naye Nasiwelo. Ndimadana ndi timanja take tija tokwera tokha.

Masana ndinapita pa depoti. Minibasi ya ku Lilongwe inali itatsala anthu awiri, kondakitala anandigwira kale mkono. Ndinaima mpaka inadzaza, inapita. Inabwera ina, inadzaza, inapita. Ku Lilongwe ndikafikira kwa yani, ndipo kumeneko akandigogodere ndani? Ndinabwerera ku shopu.

Amayi aimba foni. Akuti asesa kale pabwalo, abwereka mipando iwiri. Akuti ukwati wa mtchalitchi sutha, mwanangu, ndipo amuna ngati a Bonifasio akazi ena amachita kuwapempherera novena. Ndati ndamva amayi.

Lachisanu, 13 Juni

Achimwene atapita kukagula mamemole ndinadzitsekera mu situdiyo. Ndinati mwina pa maikolofoni zituluka, pajatu pamenepa ngakhale galu amalankhula Chichewa. Ndinayatsa, kagetsi kofiira kanayaka. Ndinayerekeza kuti mathileyi a mazira ndi amalume.

"Amalume, ine..."

Kakhumi. Ndinamvetsera pambuyo pake. Amalume ine, amalume ine, kenako kupuma kwa munthu ngati wakwera phiri ndi mtolo. Ndinafufuta.

Ndalongedza. Osati za tsiku limodzi, zonse, ndi bulangete lomwe. Ndikudzidziwa. Achimwene ataona chikwama anati ndiye kuti mwagwirizana? Ndinangogwedeza mutu, kaya kuvomera kaya kukana. Akuti andiperekeza, shopu atseka.

Tsiku lachitatu lero. Ndafika pomwe ndinalekezera kale paja.

Loweruka, 14 Juni

Ndikulemba ndili kuseri kwa nyumba ya amayi, dzuwa lisanalowe. Ndilembe mwadongosolo ndisanaiwale.

Tinakhala m'nyumba chifukwa cha mphepo. Amalume ndi a B. pa mipando, ine, amayi ndi a Monika pa mphasa, achimwene pakhomo. Amayi anaika pakati thileyi ya tiyi ndi mbale ya kachewere wowiritsa, koma palibe anakhudza. A B. anatsegula ndi pemphero. Lokoma, sindinama.

Amalume atawapatsa mpata, a B. anati iwo alibe mangawa, mkazi wawo amukhululukira kale. Koma pali kanthu kamodzi kakonzedwe tisananyamuke, kuti kasadzachitikenso. Anatulutsa foni, anaiika pa mpando.

Amalume anati, "Akamwini, tayitanirana kudzaonera zidole?"

"Mvetserani kaye, amalume."

Analiza kuyambira pa tebulo paja. Mawu a achimwene, otsika, omwetulira, anadzaza nyumba. Dikira, sindinagogode. Ndakukhudza ine? Kunjako angakukhulupirire ndani? Kenako moni wa kabaza, dzina langa, ngo ngo. A B. anazimitsa.

"Mwamva nokha. Za m'nyumba, za pakati pa mwamuna ndi mkazi wake, lero zili m'kamwa mwa anyamata a pa siteji. Ndikaima kutsogolo kwa kwaya yanga ana akunditsanzira. Ine ndi munthu wodziwika. Apepese pamaso panu, alonjeze, basi tizipita."

Amalume ndi munthu wochedwa. Amalima kabichi, ndipo amaganiza pa liwiro la kabichi. Anakanda chibwano nthawi yaitali.

"Dzina la Martina ndalimva. Lanu lili pati?"

"Mulibe."

"Chidolecho chikufanana nanu nkhope?"

"Ayi."

"Nanga mwadziwa bwanji kuti akunena inu?"

A B. anaseka pang'ono, kuseka kwa mphunzitsi pa mwana wosamva. "Amalume, mawu anga omwe ndingalephere kuwadziwa?"



Ndinaona nkhope yawo ikusintha atadzimva okha. Anayamba kukonza. Kuti banja lililonse lili ndi mwambo wake. Kuti kunali kuphunzitsa chabe. Kuti funsani mwiniwakeyo ngati ndinamukhudzapo ngakhale ndi chala.

A Monika anali atagwira pakamwa. Analankhula motsika, osayang'ana munthu: "Supuni ya abambo. Bonifasio, unaitenga supuni ya abambo?" Misozi inali ikutsika, osaipukuta. "Amayi athu anamwalira akudikirabe pakhomo la kukhitchini."

Pakhomo panamveka phokoso. Achimwene anali atakhala pansi, mutu uli pakati pa mawondo. Ndinamva akuti, "Ine n'kumaperekapo moni."

Amalume anatembenukira kwa ine. Funso lomwe lija la chaka chatha, koma lero linali ndi pogwira. "Martina, zimene zanenedwa m'chidolemo, zinkachitika?"

Mphasa yomweyo, maso anga pa mzere womwewo. Ndinamva a B. akupuma, ndinadziwa kuti akumwetulira. Ndinaganiza za Nasiwelo, mmene ndinamutukwanira Lachinayi.

"Masiku atatu."

Zinatuluka zokhazo, mawu osasa ngati a munthu wa chimfine. Amalume anati masiku atatu chiyani? Ndinati osadya. Ndinati zotsala kwa nkhumba. Ndinati kununkhiza m'kamwa. Sizinatuluke mwadongosolo ngati m'kope, zinkatuluka zidutswazidutswa, zina ndinabwereza, zina ndinalumpha. Ndinati ndi Lachiwiri lomweli ku shopu, kamodzi. Amayi anayamba kulira mokweza, amalume anawakwezera dzanja kuti ndimalize.

Nditatha amalume anati Martina sakwera njinga ya munthu lero, ndipo chikwama chake chibwerere komwe chachokera. Anafunsa a Monika ngati akuchimuna ali ndi mawu. A Monika anapukusa mutu.

A B. anati ukwati wa mtchalitchi suthera pa mphasa, nkhaniyi ikafika kwa ansembe. Amalume anati ikafike, tikalizanso chidolecho kumeneko. Ndikudziwa kuti sizinathe. A B. adzabwera ndi hanki, adzabwera ndi kachewere, ndipo ku Bembeke theka la anthu lidzati ndine mfiti.

Koma a B. asanaimirire dzanja lawo linapita pa thileyi. Sindikudziwa ngati ankafuna kapena linapita lokha. Panali supuni imodzi ya shuga. Ine msana unali utawongoka kale, manja akulowera kumbuyo. A Monika anayamba ndi iwo kufika. Anaitenga, anaiika m'kati mwa chitenje chawo, anakhalira.

Ndiye kuti kachiwiri kaja sikabwera. Lero, mawa, mpaka kale.

Mbale inali patsogolo panga. Palibe ananena kuti idya, aliyense anali ndi zake m'mutu. A B. ankandiyang'ana, ndinkawamva pa tsaya ngati moto wa mbaula. Dzanja ndinachita kulikoka kumbuyoko ngati la munthu wina. Linagunda kapu, tiyi anatayikira pa mphasa. Ndinatenga kachewere mmodzi, ndinaluma. Anakakamira pakhosi, misozi inatuluka, ndinameza.

Anali atazizira, pakati osapsa bwino, mchere wochepa. Ndinatenganso wina.